Mlendo ndi Makiyi

Kuno ku Kabwata ndi ku Chelstone mlendo timam'landira bwino, koma kiyi wa kucipinda cogona timasunga tokha. Nanga bwanji, abale, makina oyankha mafunso ochedwa AI tikuwatsegulira zonse: makalata a m'foni, kaundula wa parishi, ngakhale ndalama za pa foni?

Inde, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Komatu makinawa angathe kumvera lamulo limene mbala yabisa m'kalata imene akuwerenga. Conco tiwaonetse zokhazo zofunika pa nchito imene tawatuma. Asanatumize ndalama, ayambe apempha cilolezo cathu.

Lamulo la Zambia la 2021 loteteza mbiri za anthu litikumbutse kuti maina a akhristu anzathu anangotisungitsa. Tiwasunge mokhulupirika.