Dandaulo la wolumala lisathere pa bwalo la ndeke

Ena mwa owerenga athu adzafunsa kuti nkhani ya ndeke yalowa bwanji pa tsamba lino, pamene ambiri a ife kuno ku Mwami ulendo wathu ndi wa njinga, ngolo ndi basi. Koma taonani m'midzi mwathu. Odwala ena amatumizidwa ku zipatala za ku India ndi ku South Africa, ndipo ana athu amene agwira nchito ku Johannesburg kapena ku London amatumiza tikiti kuti amai awo okalamba akaone adzukulu. Pakati pa okwera otere pali amene ali pa njinga ya olumala, pali osaona, palinso osamva.

Kwa munthu wotere ulendo wa pa ndeke uli ndi zoopsa zake. Pokwera amasiyana ndi njinga yake, imene imaikidwa pansi pamodzi ndi masutukesi. Njinga ija ikafika yothyoka, kapena ikatsala pa bwalo lina, mwini wake wasowa miyendo m'dziko la eni. Wina amatsala yekha m'ndeke anzake onse atatsika, kuyembekeza omunyamula. Wosamva sadziwa kuti khomo lokwerera lasintha, pakuti cilengezo canenedwa pakamwa cabe. Zotere zikacitika, munthuyo akadandaule kwa yani? Nanga ndani m'boma amene adzaonetsetsa kuti wayankhidwa?

Malamulo alipo ndithu. M'caka ca 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. M'caka ca 2012 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act, limene liletsa kusankha munthu cifukwa ca kulumala, ndipo lipatsa bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities mphamvu yolamula eni malo otumikirapo anthu kuti awakonze. M'caka comweco munabweranso lamulo lokhazikitsa Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndeke. Palinso Competition and Consumer Protection Commission, yoteteza ogula, ndipo wogula tikiti naye ndi wogula.

Apa ndiye pagona vuto. Makomo acita kukhala atatu, ndipo mlimi wa ku Mwami sadziwa logogoda. Malikulu a mabungwe onsewa ali ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 kucokera ku Chipata. Munthu amene wabwera kumene kucipatala, ndalama zatha, njinga yathyoka, sangayambenso ulendo wofunsa ofesi ndi ofesi. Amangoti zacitika zacitika, napita kwa wowotcherera zitsulo pa msika kuti amulumikizire. Dandaulo lake silinalembedwe paliponse, conco m'mabuku a boma zioneka ngati vuto kulibe.

Maiko ena anaona kuti lamulo lopanda woliyang'anira silithandiza. Ku America lamulo loletsa makampani a ndeke kusankha olumala lilipo kuyambira 1986. Kampani ikalandira dandaulo lolembedwa iyenera kuyankha molemba pasanathe masiku 30, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2018 makampani akuluakulu amauza boma mwezi ndi mwezi ciwerengero ca njinga za olumala zimene aononga kapena kutaya. Mu Okutobala 2024 boma la dzikolo linalipiritsa kampani ya American Airlines madola 50 miliyoni cifukwa ca kusasamalira bwino okwera olumala. Cilango cotere cisonyeza kuti ngakhale kumeneko mavuto sanathe, koma cisonyezanso kuti pali wina amene awerenga madandaulo ndi kucitapo kanthu.

Ife sitipempha mamiliyoni. Tipempha boma zinthu zinai zimene lingathe kucita. Coyamba, mabungwe atatuwa agwirizane pa khomo limodzi lolandirira madandaulo a okwera olumala, ndipo nambala yake ya foni ilembedwe poonekera pa mabwalo a Kenneth Kaunda, Mfuwe, Ndola ndi Livingstone, m'Cingelezi, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za dziko lino. Dandaulo lonena pakamwa lilandiridwe monga lolembedwa, pakuti si onse amene adziwa kulemba. Caciwiri, pakhale masiku odziwika amene kampani iyenera kuyankha. Cacitatu, caka ciliconse boma lilengeze poyera madandaulo angati analandiridwa, a kampani iti, ndipo angati anathetsedwa.

Cacinai cikhudza ife a m'malire. Kucokera ku Mwami, bwalo la ndeke la Kamuzu ku Lilongwe lili pafupi kwambiri kuposa la ku Lusaka, ndipo ena a ife amakwerera kumeneko. Mu Disembala 2022 atsogoleri Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera anatsegula cipata cimodzi ca Mwami ndi Mchinji kuti magalimoto a katundu asacedwe pa malire. Ngati maboma awiriwa anamvana pa katundu, angamvanenso kuti dandaulo la m'Zambia amene wavutika ku Lilongwe, kapena la m'Malawi amene wavutika ku Lusaka, liperekedwe kwao ndi kutumizidwa tsidya lina popanda iye kuyendanso.

Ndipo cimene tipempha pa ndeke ticipemphanso pa basi, imene ndiyo ndeke ya ambiri a ife. Wolumala amene wakanidwa malo pa siteshoni, kapena walipiritsidwa njinga yake ngati thumba la cimanga, naye afunika kudziwa kokanena, ndipo bungwe la RTSA liyenera kukhala ndi yankho. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse m'Zambia, pafupifupi 11 ali ndi kulumala kwina. Awa ndi makolo athu, ana athu ndi anzathu a mumpingo.

Wina asanene kuti kudandaula n'kutaya nthawi. M'caka ca 2011 bungwe la olumala la ZAFOD, kudzera mwa Sela Brotherton, linatengera bungwe loyendetsa masankho ku khoti lalikulu cifukwa ca malo ovotera amene olumala sanali kutha kufikako, ndipo khoti linagamula kuti olumala anasalidwa. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko.

Conco, abale, ngati muli ndi wolumala amene adzakwera ndeke, auzeni a kampani za thandizo lofunika pa nthawi yogula tikiti. Jambulani njinga yake pa foni musanaipereke. Ikaonongeka, nenani musanatuluke pa bwalo, ndipo musacoke opanda pepala losonyeza kuti mwanena. Sungani tikiti. Alembi a mipingo, a miphakati ndi a makopaletivu athandizeni anthu otere kulemba kalata ndi kusunga kope lake, ndipo aphungu athu ndi makhansala afunse mafunso awa kumene tinawatuma. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe: amene lero tikwera basi modumpha, ukalamba kapena ngozi zikhoza kutikhazika pa njinga yomweyo.