Galimoto imene inkadziwa kuti ikuyesedwa

Ambiri timati kompyuta sinama. Ikalemba nambala papepala, timangovomera. Ine ndikuti ikhoza kunama, munthu akaiphunzitsa bodza. Nkhani ya Volkswagen, kampani ya galimoto ya ku Germany, ndi umboni wake.

Ku America kuli lamulo la utsi wa galimoto. Utsi wa injini ya dizilo uli ndi mpweya woipa wotchedwa NOx. Mpweya umenewu umavulaza mapapo, makamaka a ana ndi a anthu odwala mphumu. Choncho mtundu watsopano wa galimoto usanayambe kugulitsidwa, umayesedwa. Galimoto imaikidwa m'nyumba, pamwamba pa zitsulo zozungulira. Matayala amazungulira, koma galimoto sichoka pamalopo. Paipi imatenga utsi, makina n'kuwerenga kuchuluka kwa mpweya woipawo.

Njira imeneyi ndi yabwino. Diso la munthu silingaone NOx. Vuto linali lakuti mayesowo ankachitika mofanana nthawi zonse, ndipo opanga galimoto ankawadziwa bwino.

Akatswiri a Volkswagen anaika pulogalamu yachinsinsi m'kompyuta ya injini. Pulogalamuyo inkayang'ana liwiro, nthawi imene injini yakhala ikulira, komanso chiwongolero. Taganizani: matayala akuzungulira, koma chiwongolero sichikugwedezeka. Kodi pali msewu wotero? Palibe. Apo galimoto inkadziwa kuti ili pa mayeso, ndipo inkayeretsa utsi wake mokwanira. Ikatuluka kupita mumsewu, kuyeretsako kunkachepa. Utsi woipa unkatha kupitirira malire a lamulo maulendo 40. Zili ngati wogula chimanga amene sikelo yake imalondola tsiku lokhalo limene kwabwera a boma.

Bodzali silinagwidwe m'nyumba yoyeseramo. Linagwidwa ndi kagulu ka ofufuza a ku West Virginia University. Iwo anamangirira makina oyesera utsi pa galimoto zitatu n'kuziyendetsa m'misewu yeniyeni, m'tauni ndi m'zitunda. Ziwiri za Volkswagen zinaonetsa utsi wochuluka kwambiri. Zotsatirazo zinatuluka mu 2014. Kampaniyo inakhala ikupereka zifukwa zina kwa nthawi yopitirira chaka. Mu September 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaulula nkhaniyi. Volkswagen inavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zinali ndi pulogalamuyo. Mkulu wa kampaniyo, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo. Mu 2017 kampaniyo inavomera mlandu m'khoti, ndipo chilango chake chinapitirira madola 4 biliyoni.

Ena anganene kuti ndiye tisiye kudalira makina. Sindikugwirizana nawo. Amene anagwira bodzali anagwiritsanso ntchito makina ndi kompyuta. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sanali antchito a kampaniyo, ndipo galimoto sinadziwe kuti ikuyesedwa. Mayiko a ku Ulaya anaphunzirapo kanthu. Kuyambira mu 2017, mitundu yatsopano ya galimoto kumeneko imayesedwanso mumsewu.

Kuno ku Mozambique nafenso timayesedwa zinthu ndi makina tsiku ndi tsiku. Pampu ya mafuta imatiuza malita amene tathira. Sikelo yamagetsi imatiuza makilo a fodya, soya kapena mbatatesi zathu. Zambiri mwa zipangizozi zili ndi kakompyuta m'kati, ndipo mlimi sangatsegule kuti aonemo. Boma lili ndi bungwe la INNOQ loona za miyezo ndi ubwino wa katundu. Pempho langa n'lakuti oyesa masikelo ndi mapampu azifika osanena tsiku, ndipo azifikanso kumisika ya kumudzi nthawi yokolola. Alimi a m'mabungwe nawonso angathe kusunga thumba limodzi limene kulemera kwake akukudziwa, n'kuliika pa sikelo ya wogula asanayambe kugulitsa.