Ndemanga: Malire a m'nyanja amayambira pamene madzi aphwera

Pakati pa mayiko a Bahrain ndi Qatar pali kamulu ka mchenga kotchedwa Qit'at Jaradah. Pa nthawi imene mayiko awiriwa ankalimbirana kamuluka kukhothi, nyanja ikadzaza, pankatsala kamalo ka mamita 12 m'litali ndi 4 m'lifupi, kotumphuka masentimita 40 okha pamwamba pa madzi. Mu March 2001, khothi la dziko lonse ku The Hague linagamula kuti kamuluka ndi chilumba ndithu, ndipo mwini wake ndi Bahrain. Chapafupi pali Fasht ad Dibal, malo amene amamira madzi akadzaza. Amenewo khothi silinawawerengere ngati chilumba.

Chinalekanitsa malo awiriwa ndi muyeso wa madzi. Pangano la malamulo a panyanja la mu 1982 limati dziko liziyamba kuwerenga madzi ake pamzere umene nyanja imalekezera ikaphwa, monga zajambulidwira pamapu ovomerezeka ndi boma. Kuchokera pamenepo, mamailosi apanyanja 12 ndi dera lake, ndipo mpaka mamailosi 200 nsomba, gasi ndi mafuta ndi zake.

Koma nyanja siphwa mofanana tsiku ndi tsiku. Mwezi ndi dzuwa ndizo zimakoka madzi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Njira ya mwezi nayo imapendekeka pang'onopang'ono, n'kubwerera mwakale pakatha zaka 18.6. N'chifukwa chake dziko la America limatenga miyeso ya zaka 19, monga ya kuyambira 1983 kufika 2001, lisanakhazikitse mzere wake. Ife tikuti boma limene limatuma akatswiri kukayeza mwezi umodzi, kenako n'kusiya chipangizo choyezera madzi chichite dzimbiri padoko, likusewera ndi malire ake.

Mwina wina akuti, ife a kumtunda zikutikhudza bwanji? Pitani ku Beira. Kumeneko madzi nthawi zina amakwera ndi kutsika mamita oposa 6, ndipo gombe lake ndi lathyathyathya, moti kuphonya pang'ono pamuyeso kumasuntha mzere mtunda ndithu. Kuya kwa ngalande yolowera padoko kumawerengedwanso kuchokera pamuyeso wa madzi akaphwa. Woyendetsa sitima yonyamula mafuta agalimoto kapena feteleza wobwera ku Malawi amawerenga manambala amenewo pamapu, n'kuphatikizapo madzi a tsikulo, asanasankhe kulowa kapena kudikira kunja mpaka nyanja idzaze.