Kuumitsa mtedza msanga n'kuteteza chiwindi cha mwana

Aliyense amene anaothapo dzuwa m'mawa wa mwezi wa June akudziwa kuti khungu limamva kutentha ngakhale kamphepo kakuzizira. Chimene chimatenthetsa khungulo ndi cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa infrared, chomwe William Herschel anachitulukira mu 1800. Cheza chomwechi ndi chimene chimatuluka m'makina ofunditsira makanda kuchipinda cha amayi oyembekezera.

M'mafakitale a mayiko ena, cheza chimenechi chinayamba kale kugwira ntchito youmitsa zinthu. Kampani ya Ford ku America inkaumitsa nacho penti ya galimoto m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero amaumitsa nacho mapepala, nsalu ndi zakudya. Uvuni wamba umayamba watenthetsa mpweya ndi makoma ake, kenako mpweyawo n'kumatenthetsa chinthu chofuna kuumitsacho. Kutentha kwambiri kumatayikira panjira. Koma cheza cha infrared chimagwera pachinthucho mwachindunji, choncho madzi amachoka msanga ndipo magetsi sawonongeka ambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha chuku. Mtedza kapena chimanga chikakhalitsa ndi chinyezi, chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amayambitsa khansa ya m'chiwindi, ndipo amapezeka kawirikawiri mwa ana opinimbira. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Mayi akatsira nsinjiro za mtedza wachuku m'phala, poizoniyo amafika ndithu m'mimba mwa mwana.

Ife tikuona kuti nthawi yakwana yoti akatswiri a ku LUANAR pamodzi ndi a Malawi Bureau of Standards ayese makina oumitsira amenewa pa mbewu zathu. Makina otere angathandize m'malo amene magulu a alimi amasonkhanitsira zokolola, makamaka mitambo ikatchinga dzuwa kwa masiku angapo.

Komabe tisadzinamize. Cheza chimenechi sichilowa kwambiri mkati, ndiye mbewu zimafunika kuziyala mopyapyala, apo ayi zapamwamba zimapserera zapansi zidakali zonyowa. Makina ambiri otere amafuna magetsi odalirika, pamene midzi yambiri ilibe. Ndipo makina ngakhale abwino chotani sangabweze mtedza umene wachita kale chuku.

Ndiye ntchito yaikulu idakali pakhomo. Mukakumba mtedza, uumitseni pamphasa, pa lona kapena pathandala, osati padothi. Musauwaze madzi pofuna kufewetsa makoko posenda. Chimanga chiume mpaka njere izilira poiluma, ndipo matumba akhale pamatabwa, motalikirana ndi khoma. Mtedza wofota, wobooka kapena wosintha mtundu muusankhe n'kuutaya. Musausinje ati poti ndi wa ndiwo chabe, ndipo musaupatse ziweto, chifukwa poizoniyo amatha kudutsira mumkaka.

Inu alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi, mukamayendera mabanja kapena kuyeza ana kusikelo, funsaninso komwe nsinjiro za phala la mwanayo zachokera, ndipo pemphani kuona momwe mtedzawo wasungidwira.