Funsani batire lanu kaye, TL072 pambuyo

Pali chiphunzitso chimene chafala pakati pa achinyamata amene ayamba kudzipangira synthesizer pakhomo, ndipo ine ndatopa nacho. Akuti synthesizer yeniyeni imafuna magetsi a mbali ziwiri, +12V ndi -12V, ndipo op amp yake ndi TL072, nkhani yatha. Ukafunsa za IC ina, akuyang'ana ngati wafunsa zamanyazi. Chiphunzitsochi chinabwera ndi mavidiyo a ku Europe ndi ku America, ife n'kuchimeza osatafuna, ngati kuti Berlin ndi Kasenengwa amatunga magetsi pa chitsime chimodzi.

12 ameneyu sanatsike kumwamba. Dieter Doepfer wa ku Germany ndiye anamusankha pamene anatulutsa A-100 chapakati pa zaka za m'ma 1990, makampani ena n'kumutsatira kuti zida zawo zizilowana m'bokosi limodzi. Ndiyo Eurorack imeneyo. Makina a Robert Moog a m'ma 1960 ankayendera +12V ndi -6V, ena anasankha 15 uku ndi uku. Ndi pangano chabe la anthu ogulitsa, lopangidwira munthu amene soketi yake ya pakhoma sigona.

Manje yathu imagona. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ngakhale m'tauni ya Chipata malaiti ankapita maola oposa 12 pa tsiku. Kumidzi ya ku Kasenengwa nyumba zambiri zimadalira sola. Magetsi amene mnyamata kapena mtsikana wa kuno ali nawo m'manja ndi power bank ya 5V, batire la sola la 12V, kapena kabatire ka 9V. Onsewa ndi a mbali imodzi: pali plus, pali ground yomwe ndi 0V, minus palibe. Funso loyamba posankha op amp liyenera kuchokera pamenepa.

Op amp ndi kaIC kamene kamakuza mawu, kuwasakaniza ndi kuwasefa, ndipo magetsi amene mwakapatsa ali ngati msewu umene kayenera kuyendamo. Sikangatuluke kunja kwa msewu, ndipo ma op amp ambiri safika n'komwe m'mphepete. TL072 ndi lole. Kolowera kwake kumafuna kukhala 3V mpaka 4V pamwamba pa mbali ya kumunsi, ndipo kotulukira kumaima pafupifupi 1.5V isanakwane mphepete iliyonse. Pa Eurorack msewu ndi wa 24V, Great East Road yeniyeni, ndiye kutaya pang'ono m'mbali sikupweteka. Pa 5V mwalowetsa lole m'kanjira ka pakati pa minda ya chimanga. Choipa kwambiri, TL072 yachikale ili ndi khalidwe lodziwika: kolowera kukatsika kwambiri kufupi ndi kumunsi, kotulukira kumatembenuka n'kulumphira kumtunda. Envelope yanu ikutsika kuti mawu afe, mwadzidzidzi sipika yakuwa. Munthu amatha sabata akusaka pamene anawotcherera molakwika, pomwe waya aliyense ali bwinobwino. IC ndiyo ili m'malo osayenera.

Sindikukamba kuti TL072 ndi yoipa. Pa batire la sola, mukapanga pakatikati pa 6V ndi ma resistor awiri ofanana ndi capacitor, imayimba bwino, ndipo ma pedal ambiri a gitala amaiyendetsa pa 9V. Chimene ndikukana ndi kuilonga ufumu pa circuit iliyonse.

Pa 5V pali njinga yake. MCP6002 ya Microchip imayenda kuyambira 1.8V mpaka 6V, ndipo kolowera ndi kotulukira komwe kumafika pafupifupi m'mphepete zonse ziwiri. Imadya pafupifupi 0.1mA pa op amp imodzi, pamene TL072 imadya pafupifupi 1.4mA. Ikani ma op amp 20 m'bokosi lanu: uku 2mA, uku 28mA. Kwa munthu wotchaja ndi dzuwa, mu Januwale mitambo itatseka, kusiyana kumeneku n'kwa ndiwo ndi nsima. Koma mverani bwino apa: ikani MCP6002 pa 9V kapena 12V, yapsa. Malire ake ndi 6V.

Amene akuti 5V ndi zoseweretsa ana afotokoze za AE Modular, ya kampani ya Tangible Waves ku Germany komweko, imene yonse imayendera 5V ndipo anthu amaimbira nyimbo zenizeni. Afotokoze za Monotron ya Korg, ya mu 2010, yoyendera mabatire awiri a AAA, imene Korg anatulutsa ngakhale chithunzi cha circuit yake kuti aliyense aone. Ngakhale mkati mwa Eurorack yawoyo, zida za Mutable Instruments zili ndi MCP6002 kapena mkulu wake MCP6004 polandirira CV isanalowe mu purosesa. Opanga enieni amasankha IC malinga ndi ntchito. Okopera okha ndiwo ali ndi dzina limodzi pakamwa.

Tsopano LM358, mwana wonyozeka wa m'banjamo. Imayenda kuyambira 3V mpaka kupitirira 30V pa magetsi a mbali imodzi, kolowera kwake kumafika pa 0V penipeni, ndipo ili paliponse. Pitani kwa okonza mawailesi ndi ma inverter ku Kapata kapena ku Down Shops, pemphani ma board akufa a UPS ndi ma charger, mudzaipeza, kapena mkulu wake wa miyendo 14, LM324. Simudikira phukusi la ku China, simutuma munthu ku Lusaka. Anthu amene anapanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga sanayambe ndi kufunsa kuti ku America akugwiritsa chiyani. Anayamba ndi zimene zinali pabwalo, n'kuzidziwa bwino.

Kuidziwa bwino LM358 ndi kudziwa zilema zake ziwiri. Kumtunda imaima 1.5V isanafike, ndiye pa 5V muli ndi 0 mpaka 3.5V chabe, ndipo pakatikati panu payenera kukhala cha pa 1.7V, osati 2.5V. Chachiwiri, mawu akamadutsamo imakanda pang'ono pamene kotulukira kukusintha kuchoka pa kukankha magetsi kupita pa kukoka. Mankhwala ake alembedwa mu datasheet momwemo: resistor kuchokera pa mwendo wotulukira kupita ku ground. Yambani ndi 4.7k, mverani, sinthani. Ndipo pa LFO, envelope ndi sequencer, zimene khutu silimva mwachindunji, chilema chachiwirichi chilibe ntchito. Theka la synthesizer ndi zinthu zoterezi.

Otsutsa amathamangira ku liwiro. TL072 imasuntha 13V pa microsecond, pamene LM358 ndi MCP6002 zili cha pa theka la volti. Zoona. Koma tengani cholembera. Op amp yoyenda 0.5V pa microsecond, ikamakankha sine wave yofika 10V uku ndi uku, imayamba kulephera cha pa 8kHz, mkati mwa zimene timamva. Yomweyo pa wave ya 2.5V uku ndi uku imafika cha pa 32kHz, pamene khutu la munthu limathera pa 20kHz. Mtunda ukafupika, woyenda pang'onopang'ono amafika pa nthawi. Magetsi ochepa amakhululukira op amp yochedwa, ndipo amene anakuuzani kuti ndi yochedwa anaiyeza pa msewu wa 24V umene inu mulibe.

Mfundo yawo imodzi ili ndi mano: mawu akachepa, phokoso la circuit limamveka kwambiri poyerekeza. Ndiye pa 5V muyenera kusamala, capacitor ya 100nF pafupi ndi miyendo ya magetsi ya IC iliyonse, ina yaikulu polowera power bank, mawaya afupiafupi. Ina ija, yoti 5V ikupatsani ma octave asanu okha pa lamulo la volti imodzi pa octave, imandiseketsa. Kiyibodi ya makiyi 61 imene imayimba m'matchalitchi athu Sande iliyonse ili ndi ma octave asanu. Ndani anatuluka m'tchalitchi akudandaula kuti manoti achepa?

Kwa okonza ena amene amati op amp ndi op amp, ika iliyonse ya miyendo 8, inunso mukusokeretsa ana. Miyendo imafanana, inde: pa TL072, LM358, MCP6002 ndi 4558 ya m'mawailesi akale, plus ili pa mwendo 8, kumunsi pa mwendo 4. Mkati sizifanana. Pa sample and hold, pamene capacitor iyenera kusunga voteji osataya, LM358 ili ndi kamagetsi kake kodutsa polowera ndipo noti imasendera yokha ngati gitala yosakungidwa. MCP6002 ndi TL072 zimadutsitsa pang'ono kwambiri moti noti imakhala. Kufanana kwa miyendo kugwiritseni ntchito mwanzeru: wotchererani soketi pa board, osati IC yeniyeniyo, kenaka sinthanitsani ndi kumvera nokha. Soketi imakutetezaninso ku ma IC achinyengo a pa intaneti, olembedwa dzina lina pamwamba pomwe mkati muli china.

Chomaliza ndi msampha wa power bank. Zambiri zimadzizimitsa zokha zikaona kuti chimene mwalumikiza chikudya magetsi ochepa kwambiri, zimaganiza kuti foni yadzala. Bokosi la ma MCP6002 limadya pang'ono moti pakapita masekondi angapo zonse zii, pakati pa nyimbo. Sakani power bank imene ili ndi batani la zida zazing'ono, kapena tsitsani 12V ya sola ndi 7805, imenenso muipeza pa ma board akufa aja.