Mwana Asalangidwe Chifukwa Chokula

Malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko la America amati munthu ndi mwana ngati sanakwanitse zaka 21 ndipo sali pabanja. Vuto lagona pomwepa. Nzika ya America ikapempha kuti m'bale wake wobadwa naye apatsidwe chilolezo chokhazikika m'dzikomo, kudikira kumapitirira zaka 15, ndipo kwa ochokera ku Mexico ndi Philippines kumafika zaka pafupifupi 20 kapena kupitirira apo. Mwana wa m'baleyo amene analembedwa pa fomu akadali ku pulayimale, viza ikamatuluka amakhala ali bambo wandevu zake. Makolo amanyamuka, iye n'kutsala.

Lamulo la Child Status Protection Act la 2002 linabwera kudzachepetsa ululuwu. Koma kwa ana otere limangochotsa pa msinkhu wa mwana nthawi imene boma linatha likuunika pempho, osati zaka zoima pamzere, zomwe kawirikawiri ndiye zochuluka. Mu 2014, pa mlandu wa Scialabba v. Cuellar de Osorio, khoti lalikulu la dzikolo linavomereza kuti ambiri mwa ana otere ayambirenso kumapeto kwa mzere.

Ife tikuti pamenepa palibe chilungamo, pakuti wochedwetsa zinthu si mwanayo. Aphungu a ku America akonze lamuloli kuti msinkhu wa mwana uziwerengedwa pa tsiku limene pempho linaperekedwa.