Lichero la Agogo Lisathere Kudzala

Aliyense wotsika mapiri a Dedza kuloŵera ku Golomoti amaona alendo akuimika galimoto m'mbali mwa mseu kugula zosemasema ndi zolukaluka. Akafika kwao amazipachika pakhoma, nanyadira kuti anafika ku Malaŵi. Nanga ife eni ake? Lichero la agogo tataya kudzala, mtsuko wao tasandutsa chomwera nkhuku, ndipo pabalaza taikapo maluŵa apulasitiki. Kodi si zamanyazi zimenezi?

Ena amati kusunga zakale ndi chizindikiro cha umphaŵi. Ameneŵa akayende ku Mua, pa mishoni imene inayamba mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo zosema za amisiri akumeneko zafika m'maiko akutali. Mlendo angaolokere nyanja chinthu chopanda pake?

Tsono ine ndikuti: tsukani chipande cha amayi, muchidzoze mafuta, muchipachike. Nsengwa yobooka isokeni ndi mlaza. Chitenje cha malemu chikhoza kukuta mtsamiro. Mwana akafunsa mwini wake, pomwepo mbiri ya banja yayamba kuphunzitsidwa, pakuti chinthu chooneka ndi maso sichiiŵalika msanga ngati mawu.

Komabe pali malire. Chigoba cha Gule Wamkulu si chokongoletsera pabalaza. Malo ake ndi kudambwe, ndipo eni mwambo alemekezedwe.

Aŵerengi, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tikataya za makolo lero, adzukulu athu adzachita kulipira kuti akazione m'nyumba zosungira zakale.